Nthambi Pamphambano

Nkhani iyi si ya padangokhala ayi. Anthu ake anali ndi mayina, anali ndi matekenya kumapazi, ndipo ena mwa iwo anabwerera kwawo n'kukakalamba. Tcherani khutu, chifukwa ndikadutsa sindibwerera m'mbuyo.

Inali nthawi ya Nkhondo ya Chiwaya, chakumapeto, pamene Angerezi ankapirikitsana ndi Ajeremani m'dziko la Apwitikizi. Gulu lina lankhondo, limene azungu ankalitcha batalioni, linkayenda mzere wautali ngati linthumbu: azungu ochepa kutsogolo, asilikali akuda pakati, amtengatenga ndi katundu pamutu kumbuyo. Moyo wake unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Lipenga lilire, anthu adzuke, ayende, wina agwe, amukwirire, ayendenso. Madzulo mzungu wina wowonda, amene ankamutcha Bwana Chifuwa chifukwa chotsokomola kosalekeza, ankakhala pa bokosi la zipolopolo n'kulemba kuti lero tachoka pakuti, tafika pakuti, afa akutiakuti, avulala akutiakuti. Akatseka buku lake, kwa iye tsiku latha.

Kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunkayenda msilikali wina dzina lake Makwinja, wochokera kumunsi kwa phiri la Mulanje. Ntchito yake inali yodziwika kwa aliyense amene anakulira kumudzi. Ukamayenda ulendo anzako ali m'mbuyo, ukafika pamphambano umathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka chopingasa pa njira imene simunalowe. Wobwera m'mbuyo akaona nthambiyo amadziwa kuti uku n'kotseka, alowere kwinako. Makwinja ndiye ankagoneka nthambizo, kuti odwala ndi otupa miyendo amene atsalira asasochere.

Pakati pa amtengatenga panali mlamu wake, Likhutcha, mlongo wa mkazi wake Nangondo. Likhutcha anali munthu wapakamwa, wosadutsa mlamu wake osamutola. Tsiku limene ankanyamuka kumudzi, Nangondo sanalire. Anangoima pakhomo n'kuuza mwamuna wake kuti: "Awa ndiwo eni mbumba. Ana anuwa akadwala, akafuna kukwatiwa, oyankhula ndi awa. Mwapita awiri, mubwere awiri. Mukabwera nokha, khomo lino mulipitirire."

Makwinja anali mkamwini pamudzipo. Mawu amenewo anawamva bwino lomwe.

Tsiku lina akuwoloka kamtsinje kamiyala, chiwaya cha Ajeremani, mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, chinalira kuchokera m'nsungwi. Sizinatenge nthawi. Utsi utapita, anthu angapo anali ngundangunda m'madzi. Mwa akufawo munali amuna awiri onyamula machila, amene ntchito yawo inali kutola ovulala, ndipo zipolopolo zinawapeza akuthamangira munthu. Woyamba anali Namakhwa, wa mudzi woyandikana ndi wa Makwinja. Iyeyu ankamangirira kapu yachitini ndi supuni m'chiuno, moti akamayenda unkamumva asanaoneke: ngwe, ngwe, ngwe. Wachiwiri anali Sumaili, amene analibe chala chachikulu kuphazi lamanzere, matekenya anachidya kalekale.

Anawaika mothamanga, dzenje losafika ndi m'chiuno momwe, Namakhwa ndi kapu yake yomwe. Panalibe wolira. Panalibe wowauza kuti anzathu, ulendo wanu wathera pano. Lipenga linali litalira kale.

Zonsezi Likhutcha sanazione. Iye anali kumbuyo, kamwazi atamufinya, maso atalowa m'kati, akungobwebweta. Machila onse anali atadzaza ndi ovulala. Sajeni Kasembe, mkulu wa asilikali akumbuyo, mwamuna wa mawu ngati bingu, anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Mgonekeni pansi pa mkuyu uwo. Msiyireni madzi. Akapeza mphamvu atitsatira."

"Sajeni, ameneyu ndi mlamu wanga," anatero Makwinja.

"Aliyense pano ndi mlamu wa munthu. Umubereka iweyo, ndi mfuti yomwe? Tiye!"

Makwinja anagwada pafupi ndi wodwalayo. "Alamu, mukadzuka muzitsata nthambi zanga. Sindiphonya mphambano ngakhale imodzi. Mwamva?"

Likhutcha anatsegula diso limodzi. "Nthambi zanuzo mumagoneka mokhota, alamu, ngati mizere yanu m'munda wa mlongo wanga." Diso lija linatsekanso.

Madzulo amenewo Bwana Chifuwa analemba kuti mtengatenga mmodzi wasowa.

Choyamba kusowa pamsasa chinali machila. Wovulala wina anamwalira tsiku lotsatira, machila ake n'kukhala opanda munthu. Makwinja anapempha kuti abwerere nawo kukatenga mlamu wake, Sajeni anakana, nati ndi kutali ndipo Ajeremani ali ponseponse. Machilawo anawatsamiritsa pamtengo. Kutacha, panalibe nsalu, panalibe nsungwi yonyamulira.

"Wawabisa kuti?" Sajeni anafunsa Makwinja.

"Ndikanawatenga ine, bwenzi mukuyankhula ndi ine pano?"

Sajeni anatukwana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka linasowa bulangete la msilikali wina, iye atalifunda. Kenaka botolo la madzi. Anthu anayamba kugona atakumbatira katundu wawo, akuyang'anana ndi diso lakuba. Koma chimene chinawatseka pakamwa chinali mphika wa phala la odwala. Wophika anausiya uli ndi phala pang'ono pansi, atavundikira ndi mwala pamwamba. M'mawa mwala unali pomwepo, koma mphika unali wopalidwa mbee, mizere ya chopalira ikuoneka.

"Izi si zala," anatero wophikayo, akuutembenuzira kudzuwa. "Iyi ndi supuni. Nanga kupatula azungu, supuni m'gulu lino anali nayo ndani?"

Wina anadzuka n'kukakhala patali.

Makwinja ndiye anayamba kuzimva, poti ndiye anali womalizira. Unali usana, dzuwa lili paliwombo, nkhalango ili zii. Anali atangogoneka nthambi pamphambano n'kuyenda pang'ono. Kumbuyo, kutali ndithu, kunamveka ngwe. Anaima. Ngwe, ngwe, ngwe. Sikunali kulira kwa mbalame. Kunali ndi kayendedwe kake, kaja ka anthu awiri osenza chinthu cholemera amene mapazi awo amagwirizana.

"Alamu?" anaitana.

Kulira kuja kunapitirira pang'ono, kenaka n'kuleka, ngati anthu amene atula katundu kuti apume. Makwinja anamva tsitsi likuyenda pamutu. Anathamanga kukapeza anzake, osauza munthu.

Mawa lake anaiwala chikwanje pamene ankadula nthambi, ndipo anabwerera kukachitenga. Chikwanje anachipeza. Nthambi inali pamalo pake, yosakhudzidwa. Koma pa njira yotsegula, pamwamba pa mapazi ake omwe, panali mapazi ena a anthu awiri, olowa pansi kwambiri. Phazi lina lamanzere linalibe chala chachikulu. Ndipo mapaziwo ankathera pomwepo, pafupi ndi pamene iye anaima, ngati eni ake angopatukira m'tchire kuti iye adutse.

Kuchokera pamenepo Makwinja sankadya bwino. Mumtima mwake munali mafunso awiri okha. Ngati akufa anyamula kanthu m'machila aja, anyamula munthu kapena anyamula mtembo? Ndipo munthu wonyamulidwa ndi akufa, ndi wathu kapena ndi wawo?

Chinsinsi chake sichinakhalitse. Tsiku lina gulu likupuma, kunatsika mwamuna wina wa m'mapiri amenewo ndi dengu la chinangwa chouma, akufuna kusinthitsa ndi mchere. Anali ndi galu wowonda amene ankangobisala kumiyendo kwake. Mwamunayo anakhala pansi pafupi ndi asilikali akumbuyo, n'kufunsa mosalingalira kanthu:

"Nanga anzanu akumbuyo aja simuwadikira? Atopatu."

"Anzathu ati?" anatero Sajeni.

"Aja a machila. Ndakumana nawo potsika. Ndawapatsa moni, osayankha. Kwanu simuyankha moni?"

"Amaoneka bwanji?"

Mwamunayo anakanda m'mutu. "Nkhope sindinazione bwino. Ukati uyang'ane, maso amangoterereka. Kumbuyo kwawo kunalinso ena, mzere ndithu, koma osasenza kanthu."

Makwinja anasendera pafupi. "M'machilamo munali chiyani, bambo? Chinkagwedezeka?"

"Sindinasuzumire. Galu wangayu anakana kuyandikira."

"Kumbuyo kwathu kulibe munthu," anatero Sajeni, mawu atatsika.

Mwamunayo anayang'ana Sajeni, anayang'ana njira imene anadzera, n'kusenza dengu lake. Mchere sanaufunsenso, ndipo pobwerera anadzera njira ina.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa aliyense wakuda m'gulumo. Ndipo poti tsiku lililonse wina ankafa, lero ndi kamwazi, mawa ndi chipolopolo, mkuja ndi malungo, anthu anaphatikiza okha. Ankati akufa akutitsata kuti azititola mmodzimmodzi, machila anaba aja ndi onyamulira ifeyo. Kenaka wophika uja analoza Makwinja ndi mthiko.

"Akudziwa bwanji kumene talowera? Si iweyo ukuwalozera njira? Mphambano iliyonse, nthambi! Ukuwaitana ngati alendo a ku ukwati!"

"Ndikulozera mlamu wanga."

"Mlamu wako anadyedwa ndi afisi pa mkuyu paja! Ufuna tonse tithe chifukwa choopa mkazi wako?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Sajeni sanaseke.

Tsiku limenelo anali atafika pa mtsinje waukulu wodzaza, ndipo anamanga msasa kudikira kuti madzi aphwe. Kumbuyo pang'ono kwa msasawo kunali mphambano. Njira ina inkabwera kumtsinje kumene gulu linalowera. Ina inkapita kumadzulo, ndipo kukayera, kutali kwambiri, unkatha kuona phiri la Mulanje litadera ngati mtambo wa mvula. Makwinja anali atatseka njira ya kumadzuloyo monga mwa ntchito yake.

"Mawa kukangocha," anatero Sajeni, "ukatseka njira yathuyi. Ndi minga yomwe. Ndipita nawe ndekha, ndikaone ndi maso anga."

Ananyamuka mbandakucha, Makwinja ndi chikwanje, Sajeni ndi chikoti. Nkhungu ya kumtsinje inali itakuta ponse, moti munthu sunkaona kupitirira mitengo iwiri. Atafika pamphambano, Sajeni analoza nthambi ija.

"Chotsa apo, ika apa."

Makwinja anawerama n'kuinyamula. Masamba ake anali akadali aawisi, mame ali chonchi.

Ngwe.

Onse awiri anauma. Mbalame zimene zinali zitayamba kulira zinaleka nthawi imodzi. Ngwe, ngwe, ngwe, kuchokera m'nkhungu, kunjira imene anadzera dzulo. Kunabwera kamphepo kozizira, ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene.

"Ika!" ananong'ona Sajeni. "Ika msanga, chitsiru iwe!"

Makwinja anali chiimire, nthambi ili m'manja. Akanaigoneka pa njira ya kumsasa, chilichonse chimene chinali m'nkhungumo chikanalowera kwina, ndipo iye sakanadziwa mpaka kufa chimene chinali m'machila. Anaona Nangondo ataima pakhomo. Anaona diso limodzi lija pansi pa mkuyu.

Anabweza nthambi pamene anaichotsa, pa njira ya kumadzulo.

"Sajeni, chikoti mukandikwapulire kumsasa. Ine ndinalonjeza."

Atatero anapatuka m'njira, n'kunjuta atafulatira, nkhope m'tchire. Sajeni Kasembe, mwamuna amene ankaima chilili chiwaya chikulira, anayang'ana uku ndi uku, kenaka nayenso anapatuka n'kunjuta pambali pake, chipewa chili kumaso.

Kulira kuja kunayandikira. Tsopano ankamvanso nsungwi ikulira kwe, kwe, monga imachitira ikalemedwa. Mapazi ankamveka, koma kupuma ayi. Anthu osenza amapuma mwamphamvu, awa sankapuma. Kumsana kwa Makwinja kunazizira ngati wathiridwa madzi a m'mtsuko. Zinafika kumbuyo kwake kwenikweni, moti akanatambasula dzanja akanakhudza. Zinaima. Kunamveka chinthu chikutulidwa pansi mosamala, mbali ina kaye, kenaka inayo.

Zii.

Kenaka mawu ofooka, osasa, anatuluka pansi:

"Alamu, kufulatira kotereku n'kwa chiyani? Mwakumana ndi apongozi?"

Makwinja sanatembenuke. "Ndinu amoyo, kapena ndinu a uko?"

"Funsani mphuno zanu."

Apo m'pamene Makwinja anazindikira kuti fungo la dothi lija lachepa, ndipo m'malo mwake mwabwera fungo lina. Linali fungo la munthu wodwala m'mimba amene sanaone madzi osamba kwa nthawi yaitali. Chibadwire chake Makwinja anali asanasangalalepo ndi kununkha ngati tsiku limenelo. Anatembenuka.

Machila anali pakati pa njira. M'menemo munali Likhutcha, wowonda ngati bango, atafunda bulangete lija linasowa, botolo la madzi lili pachifuwa. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa nsungwi kunalibe munthu, nkhungu yokhayokha.

Makwinja anamugwira tsaya. Linali lofunda. Anamutsina.

"Mayo! Mukuyesa mbatata kodi? M'malo mondipatsa fodya!"

Sajeni anatulutsa kachitini kake ka fodya wa m'mphuno n'kumupatsa. Likhutcha anakoka, nkhope inakwinyika, n'kuyetsemula mpaka machila anagwedezeka.

"Wakufa sayetsemula," anatero Sajeni. Anakhala pansi m'matope n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Makwinja nayenso anaseka, akulira, atagwira phazi la mlamu wake osalisiya.

"Mwapenga nonse," anatero Likhutcha. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku. "Nanga a Namakhwa alowera kuti? Ndi a Sumaili? Anthu amenewa andisunga. Ananditola pa mkuyu paja, azindimwetsa phala ndi supuni ngati khanda. Tikafika pamphambano, aime, ayang'ane nthambi zanu zokhotazo, alowe. Koma kunyada! Ulendo wonsewu osandiyankha ngakhale liwu limodzi. Ndimati a Namakhwa, pakamwa paja mwapasiya kuti? Duu. Aitaneni ndiwathokoze."

Makwinja ndi Sajeni anayang'anana.

"Alamu," anatero Makwinja pang'onopang'ono, "Namakhwa ndi Sumaili tinawaika pa kamtsinje kamiyala, tsiku lomwe tinakusiyani lija. Dothi ndinakwirira nawo ndi manja angawa."

Kwa nthawi yoyamba chikwatirire Nangondo, Makwinja anaona mlamu wake atasowa choyankha.

M'nkhungu, pafupi pomwepo, munamveka ngwe, kamodzi kokha, ngati munthu woima amene wasuntha phazi.

Sajeni anapukuta kumaso. Anaimirira, n'kukonza chipewa chake. "Sakutifuna ife," anatero. "Akudikira kuuzidwa. Munthu wa machila satula ntchito osauzidwa, ndipo ife sitinawauze." Anatembenukira kwa Makwinja. "Kumbuyo kwatsala wamoyo wina?"

"Palibe, Sajeni. Womaliza ndi uyu."

"Ndiye tsopano sintha nthambi ija."

Makwinja anaichotsa pa njira ya kumadzulo n'kuigoneka pa njira ya kumsasa, ndipo anaigoneka mowongoka. Sajeni anaima njo, nayankhula ndi nkhungu, osati ndi mawu a bingu aja, koma ngati munthu woyankhula ndi akuluakulu.

"A Namakhwa. A Sumaili. Ndi nonse muli kumbuyoko, amene tinakusiyani m'njira osatsanzika. Tinalakwa ndife, lipenga linatifulumiza. Munthu wanu mwamufikitsa, tamulandira. Ntchito yatha, tulani. Njira ya nkhondo yatsekedwa. Yotsegulayi ndi ya kwanu."

Poyamba sipanamveke kanthu. Kenaka ngwe, ngwe, ngwe, kulowera kumadzulo. Koma kayendedwe kake kanali kena tsopano, kopepuka, ka munthu wopanda katundu. Pambuyo pake udzu wa m'mbali mwa njira unapitiriza kugwedezeka kwa nthawi ndithu, ngati pakudutsa anthu ambiri, ngakhale mphepo kunalibe. Kulira kuja kunachepa, kunachepa, mpaka njiwa ina inayamba kulira mumtengo.

Machila ananyamula ndi Makwinja kutsogolo, Sajeni kumbuyo, n'kudumpha nthambi ija. Asanapite patali Likhutcha anali atapezanso pakamwa pake.

"Pang'onopang'ono, alamu! Mukundigwedeza ngati thumba la nandolo. Anzanu aja sanandigunditse pamtengo ngakhale kamodzi."

Kumsasa anthu anathawa kaye, kenaka anabwerera mmodzimmodzi kudzamutsina, mpaka Likhutcha anati wotsatira amuluma. Bwana Chifuwa anabwera akutsokomola, buku lili m'khwapa.

"Uyu si uja anasowa? Wafika bwanji kuno?"

"Pa machila, bwana," anatero Sajeni.

"Ananyamula ndani?"

"Anthu athu, bwana."

Mzungu anagwedeza mutu, n'kukhwatcha pamene analemba kuti wasowa. Kuyambira tsiku limenelo pamsasa sipanasowenso kanthu. Anthu ankafabe, poti nkhondo ndi nkhondo, koma Sajeni sankalolanso kuti achoke pamanda osatsanzika, lipenga lilire lisalire.

Nkhondo itatha, Makwinja ndi Likhutcha analowa m'mudzi awiri. Nangondo anali pamtondo. Anaika munsi pansi, anayang'ana mlongo wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana mwamuna wake.

"Mwachedwa," anatero. "Lowani."

Atadya, atasamba, ana atatopa kuwakwera pamsana, Makwinja anafunsa mkazi wake ngati sankada nkhawa nthawi yonseyi.

"Ndinkada nkhawa mpaka mvula ili pafupi kutha," anatero Nangondo. "Ndiye tsiku lina m'mawa, ndikusesa, kunja kuli nkhungu, ndinamva kanthu kakulira m'njiramu ngati chitini. Agalu sanauwe. Kanaima pakhomo pano pang'ono, kenaka kanapitirira chakumtunda, kwawo kwa a Namakhwa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma kuyambira tsiku limenelo ndinkagona tulo."

Likhutcha sanaseke, sanatole munthu. Anatsegula kachitini ka fodya, natapa pang'ono, n'kuwaza pansi pakhomopo.

"Alamu," anatero, "anafika."